Galu Wamasiye: Zoyenera Kuchita Mbuye Wake Akamwalira

Maliro akagwa pakhomo pamakhala wamasiye mmodzi amene satchulidwa akuluakulu akakhala pansi kukambirana za ana, za munda ndi za katundu wa womwalirayo. Wamasiye ameneyu ndi galu. Masiku onse a maliro amapirikitsidwa pasiwa, amagendedwa akayandikira pamene amayi akuphika, ndipo anthu akabalalika amapezeka atagona pakhonde la nyumba yotseka, maso ali kunjira imene mbuye wake ankatulukira madzulo. Malangizo awa ndi a munthu amene wasiyiridwa galu wotere, kaya ndi galu wa bambo ake, wa mwamuna wake, wa malume ake kapena wa mnansi, ndipo atengedwa pa zimene zinachitikira agalu angapo amene mbiri yawo inamveka dziko lonse chifukwa chodikirira anthu amene sanabwerenso. Mbiri zimenezi zimakambidwa kawirikawiri pofuna kutamanda galu, koma mukaziwerenga modekha mupeza kuti m'nkhani iliyonse muli munthu wina wachiwiri, wosatchuka, amene ankaika chakudya m'mbale tsiku ndi tsiku. Ntchito ya munthu ameneyo ndiyo mwaitenga inuyo.

Yambani ndi kusankha mwini watsopano, ndipo atchulidwe dzina

Galu wotchuka kuposa onse pa nkhani imeneyi ndi Hachiko wa ku Japan, wa mtundu wa Akita, amene anabadwa mu 1923 pafupi ndi mzinda wa Odate. Mbuye wake, Hidesaburo Ueno, anali pulofesa wa zaulimi pa Tokyo Imperial University, ndipo galuyo anazolowera kukamuchingamira pa siteshoni ya sitima ya Shibuya. Pa 21 Meyi 1925 Ueno anamwalira mwadzidzidzi ali kuntchito, mtsempha wa magazi utaphulika mu ubongo. Hachiko anapitirizabe kupita ku Shibuya mpaka imfa yake pa 8 Malichi 1935, kutanthauza zaka pafupifupi 10.

Mbali imene anthu amaidumpha ndi ya miyezi yotsatira maliro. Mayi amene ankakhala ndi Ueno, Yaeko Sakano, sanathe kukhalabe m'nyumbamo chifukwa ukwati wawo sunali wolembetsedwa, choncho galuyo anayamba kupatsirana m'manja, lero kwa awa, mawa kwa awo, osakhazikika, kufikira pamene anatengedwa ndi Kikuzaburo Kobayashi, amene kale ankasamalira maluwa ndi mitengo pakhomo pa Ueno ndipo ankakhala kufupi ndi Shibuya. Galuyo anakhazikika kwa munthu amene ankamudziwa kale fungo ndi mawu.

Phunziro loyamba lili pamenepa. Tsiku limene banja likugawa katundu ndi kukambirana za amasiye, dzutsani nkhani ya galu, ngakhale ena aseke. Mungathe kunena mwaulemu kuti, "Malume, tisanabalalike tigwirizane kuti galu wa malemuwa akhala ndi ndani." Mawu akuti "tizimuona tonse" musawavomere, chifukwa galu wa anthu onse amagona ndi njala. Posankha musayang'ane amene ali ndi nyumba yabwino kapena mpanda wa njerwa, koma amene galuyo amamugwedezera mchira, amene ankamupatsako chakudya malemuwo ali moyo. Nthawi zambiri munthu wotere amakhala mdzukulu, wantchito wapakhomo kapena mlonda, osati mwana woyamba amene akubwerera kutauni maliro akatha. Ngati wosankhidwayo ndi wosauka, achibale agwirizane zomuthandiza ndi ufa, gaga kapena ndalama ya katemera, pakuti kumupatsa galu popanda chomudyetsa ndi kumusenzetsa katundu.

Mvetsani chimene galuyo akudikirira

Galu samvetsa imfa monga timaimvetsera ife, ndipo palibe chifukwa chomunamizira maganizo a munthu. Chimene amadziwa bwino ndi fungo, mawu ndi nthawi. Ofufuza a pa Emory University mu mzinda wa Atlanta, motsogozedwa ndi Gregory Berns, anaphunzitsa agalu kugona osagwedezeka m'makina ounikira ubongo, n'kuwanunkhitsa mafungo osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti mbali ya ubongo imene imadzuka nyama ikamayembekezera chinthu chabwino inkadzuka kwambiri pa fungo la munthu wozolowerana naye kuposa pa fungo la munthu wachilendo kapena la agalu ena. Choncho galu wanuyo akamanunkhiza mpando wa malemu kapena kukanda chitseko cha kuchipinda, akulondola chinthu chenicheni chimene mphuno yake ikumuuza kuti chilipobe. Akale anati galu wamkota sakandira pachabe.

Ndi chifukwa chake ndi bwino kupatula chovala chimodzi chakale cha malemuwo chisanachapidwe, kaya ndi malaya ogwirira ntchito kumunda, chitenje kapena thumba limene ankakhalira, n'kuchiyala pamalo pamene galuyo azigona. M'mabanja ena zovala za womwalira zimakhala ndi mwambo wake, ndipo sizigwiridwa wamba mpaka tsiku lake litakwana. Pamenepo pemphani kaye kwa akuluakulu, ndipo akakana musalimbane nawo, tengani mphasa kapena thumba limene galuyo ankagonera kale pamodzi ndi mbale yake. Fungo lidzatha lokha pakapita milungu, ndipo kutha kwake pang'onopang'ono ndiko kukufunika.

Nthawi ndiyo yofunika kwambiri. Ku Italy, m'mudzi wa Luco di Mugello pafupi ndi Borgo San Lorenzo, mwamuna wina wogwira ntchito yootcha njerwa dzina lake Carlo Soriani anatola galu wovulala m'ngalande mu 1941, n'kumutcha Fido. Galuyo ankamuperekeza pokwerera basi m'mawa ndi kukamuchingamira madzulo. Soriani anafa pa 30 Disembala 1943 ndege zankhondo zitaponya mabomba pa Borgo San Lorenzo, koma Fido anapitirizabe kupita pamalo otsikira basi madzulo aliwonse kwa zaka zoposa 14, mpaka imfa yake mu Juni 1958. Onani kuti Fido sankagona pamalo otsikira basi usiku ndi usana. Ankapita pa ora lake, basi ikatsitsa anthu onse iye ankabwerera kunyumba kwa mkazi wamasiye wa Soriani. Kudikirira kwake kunali ndi ora, ndipo kunja kwa ora limenelo anali ndi kwawo.

Inunso fufuzani ora la galu wanuyo. Funsani apakhomo kuti malemuwo ankadzuka nthawi yanji, ankamudyetsa liti, ankapita naye kudimba kapena kuubusa, ankafika nthawi yanji kuchokera kuntchito. Kwa masiku oyambirira sungani ndondomeko yonseyo monga inalili, kusiyana kwake kukhale kwakuti wochita zimenezo ndi inu. Ora limene galuyo amakakhala pageti kapena pamphambano musamukoke ndi chingwe kapena kumukalipira. Pitani mukaime naye kwa kanthawi, mumuitane ndi dzina lake lomwelo, kenaka mubwerere naye kunyumba kumene chakudya chikumudikirira. Mukachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ora lodikirira limayamba kusanduka ora loyenda ndi inu ndi kudya, ndipo pakapita milungu ingapo mungathe kuyamba kusintha njira pang'ono, lero kupitirira mphambanoyo, mawa kukhotera kwina. Dzina musamusinthe. Ndi limodzi la mawu ochepa amene atsala omveka m'makutu mwake.

Akathawa kubwerera kunyumba yakale kapena kumanda

Ngati galuyo wasamutsidwa, yembekezerani kuti adzayesa kubwerera. Kwa milungu iwiri kapena itatu yoyamba akhale mumpanda kapena m'khola lotakasuka lokhala ndi mthunzi ndi madzi, ndipo potuluka azituluka pachingwe. Kumumanga pa unyolo waufupi tsiku lonse si njira, chifukwa galu womangidwa motero amalusa ndipo amaphunzira kuti pakhomo panu ndi pandende. Akathawa n'kupezeka, musamumenye pobwera naye, pakuti iye adzagwirizanitsa ndodoyo ndi kubwerera kunyumba kwanu osati ndi kuthawa. Mukolekereni kolala yolembedwa nambala ya foni yanu, ndipo dziwitsani anansi a kunyumba yakale kuti akamuona akuimbireni m'malo momugenda.

Nkhani ya kolala ili ndi mbiri yake. Mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland muli chifanizo cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby, amene mbiri imati anakhala pamanda a mbuye wake John Gray, mlonda wausiku amene anafa ndi chifuwa chachikulu mu Febuluwale 1858, kufikira pamene galuyo anafa mu Januwale 1872. Mu 1867 panabuka vuto lakuti galu wopanda chiphaso ankayenera kuphedwa, ndipo mkulu wa mzindawo, William Chambers, analipira chiphasocho n'kumugulira kolala, imene ikusungidwabe mu Museum of Edinburgh. Woyang'anira mandawo, James Brown, ankamusamalira, ndipo masana galuyo ankakadya pamalo ena odyera apafupi. Akatswiri ena a mbiri yakale, monga Jan Bondeson, amakayikira nkhaniyi ndipo amati mwina anali agalu awiri osiyana amene ankakhala kumandako chifukwa ankapezako chakudya ndi chifundo. Kaya zoona ndi ziti, mfundo yathu sisintha: galu uja anakhala ndi moyo chifukwa wina anavomera pamaso pa lamulo kuti ndi wake.

Kwathu kuno manda a kumudzi si malo olowamo wamba, ndipo galu wopezeka akugona pamtumbira angathe kuyambitsa manong'onong'o a malodza kapena ufiti, mapeto ake n'kuphedwa. Galu wanu akazolowera kupita kumeneko, kauzeni mfumu ndi adzukulu mosabisa kuti ndi galu wa malemu uje, akulondola fungo la anthu amene ananyamula bokosi ndi kuyenda njira imeneyo, ndipo mupemphe chilolezo chokamutenga. Musamutumizire chakudya kumandako. Chakudya chikhale kunyumba kokha, chifukwa kumene kuli mbale ndi kumene galu amakhazikika. Kulira kwake kwa usiku, kokoka mawu kuja, ena amakumva ngati kulosera maliro ena, koma ndi kuitana chabe kwa nyama imene yasiyidwa yokha, ndipo kumachepa akamagona pafupi ndi anthu, mwachitsanzo pakhonde kapena kukhitchini, osati kuseri kwa nyumba.

Misewu ndi njanji ziopeni kwambiri. Ku Fort Benton m'chigawo cha Montana ku America kunali galu wotchedwa Shep amene anaoneka pa siteshoni mu 1936 tsiku limene bokosi la maliro la mbusa wa nkhosa linakwezedwa m'sitima. Anachingamira sitima iliyonse kwa zaka zisanu ndi theka, akudyetsedwa ndi antchito a kampani ya njanji, mpaka mu Januwale 1942 pamene, atakalamba ndipo makutu atayamba kugontha, anaterereka panjanji n'kugundidwa ndi sitima. Anthu amaikonda nkhani imeneyi, koma ine ndimaona kuti imfa yotere si ulemu kwa galu. Ngati malo amene wanuyo amadikirira ali m'mbali mwa msewu wa phula, pa depoti kapena pokwerera minibasi, musamulole kupitako yekha ngakhale tsiku limodzi.

Chakudya, ndi kusiyanitsa chisoni ndi matenda

Si zachilendo kuti galu wamasiye adye pang'ono, agone kwambiri, asiye kusewera kapena azikutsatirani paliponse. Mupatseni chakudya chimene anazolowera, pa ora limene anazolowera. Ngati ankadya nsima kapena phala la gaga losakaniza ndi bonya, usipa kapena msuzi wa nyama, pitirizani zomwezo, ndipo ngati mukufuna kusintha, sakanizani chatsopanocho ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu kuti asatsegule m'mimba. Chakudya chofunda pang'ono chimanunkhira kwambiri ndipo chimamukopa. Khalani pafupi pamene akudya, koma musamuunjikire anthu. Akapanda kudya, chotsani mbaleyo pakapita mphindi 20 n'kuyesanso nthawi ina, m'malo moisiya tsiku lonse kuti ntchentche ziunjikane. Madzi oyera asasowe. Chifundo chisakupangitseni kumupatsa chilichonse chotsala pamaliro: mafupa ophika a nkhuku amathyoka mosongoka ndipo amabaya m'matumbo, anyezi wambiri amawononga magazi a galu, chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa iye, ndipo mankhwala a anthu ochepetsa ululu monga ibuprofen angathe kumupha.

Apa ndi pamene pafunika maso akuthwa, chifukwa mawu akuti "akulira mbuye wake" abisa matenda a agalu ambiri. Hachiko atafa, madokotala anapeza kuti anali ndi nyongolotsi za mumtima, zimene zimafalitsidwa ndi udzudzu, ndipo ziwalo zake zitapimidwanso mu 2011 zinaonetsa kuti analinso ndi khansa. M'mimba mwake munapezeka timitengo tobayira nyama yootcha, chizindikiro cha zakudya zimene anthu odutsa ankamuponyera. Galu yemweyu, amene anaimikiridwa chifanizo cha mkuwa mu 1934, iye ali moyo ndipo alipo pamwambowo, ankayenda ndi matenda m'thupi. Choncho galu wamkulu akakana chakudya masiku awiri athunthu, akakana madzi tsiku limodzi, akamasanza mobwerezabwereza, akamatsegula m'mimba mwa magazi kapena akamaonda moonekera nthiti, musadikirenso. Kaonaneni ndi dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Kwa kamwana ka galu kapena galu wokalamba musadikire ngakhale masiku awiriwo. Tukulani mlomo wake muone nkhama: zikakhala zotuwa kapena zachikasu m'malo mofiirira, ndipo thupi likutentha, kawirikawiri amakhala matenda obwera ndi nkhupakupa, amene amapha msanga koma amachizika akagwiridwa nthawi yabwino. Galu amene wakhala milungu ya matenda ndi maliro osasambitsidwa amakhala atadzaza nkhupakupa ndi utitiri, choncho kumusambitsa ndi mankhwala ake ndi kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba zikhale zina mwa ntchito zoyambirira.

Chiwewe chifunika ndime yakeyake. Funsani ngati malemuwo anasiya kapepala ka katemera, ndipo ngati sikakupezeka, tengani ngati galuyo sanabayidwe n'kukamubayitsa, kenaka muzibwereza chaka ndi chaka. Ku Malawi katemera ameneyu amaperekedwa ndi ofesi za boma zoona za ziweto komanso mabungwe monga Mission Rabies, limene lakhala likubaya agalu ku Blantyre kuyambira 2015, ndi Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals. Galu woyendayenda pofunafuna mbuye wake amakumana ndi agalu olowerera ndipo angathe kulumidwa inu osadziwa. Galu wofatsa akayamba mwadzidzidzi kulusa, kuluma zinthu zilizonse, kutuluka dovu, kulephera kumeza, kusintha mawu pouwa kapena kudzandira miyendo yakumbuyo, chimenecho si chisoni. Mutsekereni pamalo pamene sangafikire munthu kapena chiweto, musamugwire pakamwa, ndipo itanani a zaziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika.

Ana, alendo ndi anthu ofuna kujambula

Ana apakhomo auzidwe kuti galuyo asamudzidzimutse ali m'tulo, asamulande chovala chimene amagonera, ndipo asamukumbatire m'khosi ngakhale akuoneka wachisoni. Galu wosokonezeka angathe kuluma munthu amene sakanamuluma kale. Mwana wamkulu mungathe kumupatsa ntchito yothira madzi m'mbale kapena kuyenda nanu madzulo, ndipo kwa mwana amene wataya kholo lake ntchito imeneyi imamutonthoza iyenso. Ngati pakhomo panu pali agalu ena, akumane koyamba panja pa mpanda, aliyense ali pachingwe chake, ndipo kwa masiku oyamba azidyera m'mbale zosiyana motalikirana, chifukwa ndewu zambiri zimayambira pambale. Kubweretsa kagalu katsopano pofuna kumusangalatsa ndi nzeru imene imalephera kawirikawiri. Wokalamba amene sakudya safuna wina womukwera pamsana.

Pomaliza pali chiyeso cha masiku ano, chofuna kujambula galuyo ali pamtumbira kapena pageti n'kuika chithunzicho pa Facebook kuti anthu agwidwe chisoni. Kutchuka kuli ndi ubwino wake, ndipo mbiri ya Hachiko ikutsimikiza zimenezo: kwa zaka zambiri anthu ena a pa siteshoni ankamuthamangitsa ndi kumuchita chipongwe, ndipo zinthu zinasintha mu 1932 pamene Hirokichi Saito, amene ankafufuza za agalu a mtundu wa ku Japan, anachititsa kuti nkhani yake ituluke m'nyuzipepala ya Asahi Shimbun. Ngati cholinga chanu ndi kupezera galuyo mwini kapena thandizo la mankhwala, jambulani ndithu, mutapempha chilolezo kwa aferedwa, ndipo lembani zoona zokhazokha popanda kuwonjezera masiku kapena misozi. Koma musamusiye padzuwa kapena kumubweza kumanda kuti chithunzi chikome, ndipo musalole anthu obwera kudzamuona kumuponyera zakudya pamalo odikirirapo, chifukwa chakudya chilichonse choperekedwa pamenepo chikumuphunzitsa kuti abwerenso mawa.

Agalu ambiri amayamba kudya bwino ndi kusewera pakapita milungu ingapo, ena amatenga miyezi, makamaka okalamba amene anakhala ndi munthu mmodzi moyo wawo wonse. Zizindikiro zakuti zinthu zikuyenda ndi zazing'ono: amamaliza chakudya inu musanachoke, amagona chammbali miyendo atatambasula m'malo modzipinda pakhomo, amauwa mlendo akafika pageti lanu, ndipo mukamuitana ali pamalo ake odikirira amatembenuka msanga. Pakatha miyezi itatu zizindikiro zimenezi zisanaoneke, kapena galuyo akamadziluma mpaka kutuluka zilonda, kuwononga zitseko mukachoka, kapena kuondabe ngakhale akudya, bwererani naye kwa dokotala wa ziweto, mutalemba papepala tsiku limene mbuye wake anamwalira, zimene amadya, ora limene amavuta kwambiri ndi mankhwala onse amene walandira kuyambira pamenepo.